Notisi ya a Sinyolo

A Ernest a ku Balaka ndi munthu wamtali ngati mlongoti, koma bwana akangotsokomola iwo amasowa pobisala. Tinkalondera limodzi pa hotela ina ku Al Dafna, kudziko la Aluya.

Korona itavuta, hotelayo inasanduka ya kwarantini, ndipo iwo anawaika pa khonde la m'mwamba kuti alendo asatuluke m'zipinda. M'chipinda china munali mayi wachikulire wa ku Spain, mphunzitsi wa mabuku akale akwawo. Kusungulumwa kutamukwana, anayamba kulemba mawu anzeru m'Chingerezi n'kumawalowetsa kunsi kwa chitseko. A Ernest ankatola n'kupinda bwinobwino m'thumba la yunifomu.

Basi, tinaona zakuda, chifukwa a Ernest anayamba kutilalikira mawuwo. Ukati udandaule za kutentha: "Aspanishi amati thukuta silinamizira mwini wake." Ukabisa nyama ya mnzako: "Aspanishi amati ulemu sausiya pa hang'ala ngati jekete." Tinawapatsa dzina loti Sinyolo, ndiye kuti "bambo" m'Chisipanishi.

Kenako lamulo linasintha, munthu n'kutha kusintha ntchito popanda chilolezo cha bwana. Kampani ina inawafuna a Ernest pa udalaivala, ntchito imene ankailota chibwerereni, koma inati apereke notisi lisanathe Lachinayi, apo ayi itenga wina. Kalata analemba Lamlungu. Lolemba anati bwana wakwiya. Lachiwiri anati bwana wasangalala, si bwino kumusokoneza.

Ndinawafunsa, "Achimwene, kodi Aspanishi aja za mantha anangodumpha?"

"Analemba, koma inuyo a Sitandade 5 simungazimve."

Lachinayi tinachita kuwakankhira ku ofesi ya bwana, ine ndi a Fyness ochapa zovala ku londile. "Yalla, tiyeni a Sinyolo, lowani! Akakudyani tikauza kwanu."

Analowa, napisa m'thumba, napereka pepala maso ali pansi. Bwana anawerenga mokweza: "Wolimba mtima naye amanjenjemera, koma amanjenjemera akupita kutsogolo."

Kenako anafunsa, "Ernest, chimenechi n'chiyani?"

Ife panja tinagwirana kuti tisagwe ndi kuseka. A Ernest anayang'ana chitseko, ndipo ndinati basi, udalaivala wapita. Koma anapisanso m'thumba, natulutsa mapepala onse, nayamba kufunyulula limodzilimodzi pa tebulo la bwana mpaka notisi inapezeka.

"Ndi iyi, bwana. Ndikuchoka."

Bwana anasaina. "Halasi, zatha. Koma kapepala koyamba kaja ndisiyire."

Lero a Ernest amayendetsa basi ya antchito ku Nuaija. Pa raundabauti amazungulira kawiri asanasankhe msewu, koma amafika.