Mluzu wa mu Mzere Womaliza

Tsiku loika maliro a bambo ake, mtsikana wina anamva amuna awiri akunong'onezana kumbuyo kwake. "Matumbawo anawasanja okha malemuwa," anatero mmodzi. "Adziphera okha akuluwa." Chaka chomwecho iye analephera mayeso omaliza a kusekondale.

Bambo akewo anali wonyamula katundu pa depoti ina yaikulu yosungiramo katundu. Kumeneko kunali lamulo losalembedwa: usanatsitse thumba kuchokera pamwamba, imba mluzu kuti amene ali pansi achokepo. Mluzu wa bambowa aliyense ankaudziwa, wautali, wokwera kumapeto ngati funso. Tsiku lina masana, shelefu yachitsulo ya mu mzere womaliza inawakhuthulira matumba a simenti. Panalibe woimba mluzu.

Depotiyo ndinkaidziwa ndisanachoke kuno. Nditabwerako patapita zaka zambiri, ndinapeza mitengo ya m'mbali mwa msewu ataidula, anzanga ambiri atagona, miseche yokha ndiyo ili yonenepa. Anthu athu amakhululukira chitsulo msanga kuposa munthu wakufa, poti wakufa sayankha.

Koma uyu anayamba kuyankha.

Patangotha sabata zochepa, mu mzere womaliza munayamba kumveka mluzu. Osati usiku ayi. Dzuwa lili paliwombo, malata akuthetheka, chitseko chachikulu chili pululu kudikira lole, mluzu uja unkabwera, wautali, wokwera kumapeto. Ukasuzumira, mzere uli zii, fumbi lokha likuyandama. Tsiku lina utangomveka, matumba anagwa n'kuthyola mwendo wa munthu.

"Akufuna mnzawo," anatero onyamula katundu. "Kumene apitako asowa wosanja naye."

Amayi a mtsikana uja, amene ankagulitsa zipatso pageti, anayamba kubwerera ndi dengu lodzaza. Ndani akanadya chipatso cha mkazi wa mzukwa? Mtsikanayu akuluakulu a depoti anamupatsa ntchito yosesa, poti palibe wina ankalola kulowa mu mzere uja ndi tsache. Ankamutcha Mwana wa Mluzu.

"Iwe Mwana wa Mluzu," ankamuseka, "ukawauze mdala kuti lero tatopa, aimbe mawa!"

Iye ankangosesa. Mluzu ukamveka ali yekha mkatimo, sankathawa. Unali wa bambo ake ndithu. Chimene mtima wake unakana n'chakuti bambo amene ankamunyamula paphewa angaitanire munthu ku imfa.

Analembanso mayeso. Analephera masamu. Analembanso, nakhoza. Atanena kuti akufuna kukaphunzira za kayendetsedwe ndi kasungidwe ka katundu ku yunivesite, azakhali ake anaseka mpaka kutsokomola.

"Kunyamula thumba kumafuna digiri? Bambo akowo anali ndi digiri yanji? Kaphunzire unamwino, mwana iwe, uzivala zoyera."

"Zakhali," anayankha, "ndikufuna ndikamve chimene bambo akunena."

Kuyunivesite sikunali kofewa. Anzake ankalota maofesi a madoko ndi mabwalo a ndege, iye manja ali okakala ndi simenti, patchuthi akubwerera kukasesa. Anaphunzira kulemera kumene chitsulo chingasenze, mmene katundu amakankhira pansi ndi m'mbali, mmene lole yobwerera m'mbuyo imagwedezera nyumba. Mphunzitsi wina wokalamba, wosaseka, anawauza tsiku lina: "Katundu sagwa yekha. Musamafunse kuti anasanja ndani musanafunse kuti anasanjidwa pa chiyani."

Mawu amenewo anawasunga ngati khala m'chikhatho.

Atamaliza, anakana ntchito yabwino ya kutali n'kubwerera ku depoti yomweyo, tsopano ngati woyang'anira kasungidwe ka katundu. Mzere womaliza anapeza atautchinga ndi chingwe, koma akuikamobe matumba mothamanga, munthu akuponya n'kuthawa.

Analamula kuti atsitse zonse. Kapitawo anagwira pakamwa.

"Madamu, pepani, sukulu ndi sukulu, koma uko kuli eni ake."

"Eni akewo ndi bambo anga, a kapitawo. Tsitsani."

Atatsitsa, anagwada pansi pa shelefu ija ndi kupapasa. Mwendo wake wina, paipi yachitsulo ya mphako, unali ndi mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, wadzimbiri lakale. Simenti ya pansi pake inali itatitimira chifukwa cha malole ogunda khoma. Anaitana amuna onse, nawauza kuti abwezere matumba pang'onopang'ono, chitseko chachikulu chili chotsegula. Kulemera kutachuluka, mng'alu unayasama, mphepo inalowa m'paipi.

Mluzu unamveka. Wautali, wokwera kumapeto.

Amuna akuluakulu anathawa mpaka kugundana pakhomo. Iye anatseka mng'aluwo ndi chala. Kunati zii. Anachotsa chala, unayambanso.

"Bambo anga sanasanje molakwika," anatero. "Ndipo sanaitane munthu. Shelefu iyi imalira ikalemedwa, inu mumathawa osaitsitsa."

Kapitawo anavula chipewa. Madzulo ake anaima pageti n'kugula dengu lonse la zipatso la amayi aja.

Mashelefu anawasintha, pansi anathirapo simenti ina. Chichokereni tsikulo palibe thumba lagwera munthu. Koma mlonda wakale anandiuza chinthu chimodzi chimene masamu sanachifotokoze. Mng'aluwo unali wakalekale, komabe bambo aja ali moyo, shelefuyo sinaimbepo.

Anandiuzanso kuti tsiku limene anachotsa chitsulo chakalecho, dzuwa lili paliwombo, Mwana wa Mluzu uja anakaima yekha mu mzere womaliza, kudikira. Sikunamveke kanthu. Analira monga sanalirire pa maliro, chifukwa poyeretsa dzina la bambo ake anali atatsekanso mawu awo omaliza. Kenako anapukuta misozi, naimba yekha mluzu uja, wautali, wokwera kumapeto, ndipo amuna anayamba kutsitsa katundu.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli ndi mzere wanu womaliza, umene anthu anautchinga ndi chingwe n'kukuuzani kuti ndi tsoka la kwanu. Mwalephera kamodzi, kawiri, akusekani azakhali ndi anansi. Mtima usagwe. Lembaninso mayesowo, kaphunzireni chimene chimakuopsanicho mpaka muchidziwe mkati mwake, ndipo mubwerere mukagwade pomwe ena amathawa, muikepo chala chanu.