Amayi a Makiyi ndi Buku la Ubatizo

M'kalata ya parishi ya mwezi uno tikukumbukira mayi amene tonse tinkawatcha Amayi a Makiyi. Kunena zoona, kulemba za iwo munthu utakhala pansi n'kuwalakwira, chifukwa eni akewo mpando sankaudziwa.

Anabadwa m'banja la telala, ndipo kuyambira ali kamtsikana anali ndi moto kumapazi. Bambo awo ankati, "Mwana uyu titamusokerera kumpando, akhoza kunyamuka nawo." Ngakhale m'tchalitchi ankangogwada pang'ono, kenako uyo wadzuka kukakonza maluwa. Sisitere wina ataona kuti amalemba bwino, anawapatsa ntchito yolemba mayina m'buku la ubatizo. Atakula anakwatiwa ndi mlonda wa sitolo ya zitsulo, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi wamwamuna. Makiyi a ofesi ya parishi anawasunga zaka makumi anayi pachingwe cha m'chiuno, moti tinkawamva asanatulukire.

Mayesero awo anabwera Lachiwiri lina, dzuwa likuswa mtengo. Mnyamata wina analowa m'sitolo muja ndi mfuti. Amuna awo anamutsekera pakhomo, mfuti inalira, ndipo patatha masiku asanu anamwalira m'chipatala. Mnyamatayo anagwidwa tsiku lomwelo, mfuti ili m'chikwama cha mabuku. Anali wamtali, tindevu titayamba kumera, ndiye apolisi anangolemba kuti ali ndi zaka 19. Wa zaka zimenezo amazengedwa mlandu ngati munthu wamkulu, n'kukatsekeredwa ndi akuluakulu. Amene sanakwanitse 18 amapita kukhoti la ana. Koma iye analibe chikalata chilichonse chosonyeza tsiku limene anabadwa.

Patapita mwezi, kuofesi kunabwera loya woimira mnyamatayo, mayi wachitsikana, osadziwa n'komwe kuti akulankhula ndi mkazi wa malemu.

"Amayi, agogo ake akuti anabatizidwa kuno ali khanda. Mungandiyang'anireko? Ndikapanda kupeza umboni pofika Lachisanu, basi, apita kwa akuluakulu."

"Mabuku ena anadyedwa ndi chiswe," anayankha motero. "Ndiyang'ana."

Sananame, chiswe chinadyadi mabuku awiri. Koma lachitatu linali bwinobwino, ndipo dzina la mnyamatayo linali momwemo, lolembedwa ndi dzanja lawo lomwe. Anawerenga zaka ndi zala kawiri konse. Mwanayo anali ndi zaka 15 ndi miyezi isanu ndi itatu.

Kalanga ine, masiku atatu amenewo! Bukulo analibisa pansi pa nsalu za paguwa, n'kulichotsa, n'kulibwezeranso. Anakolopa tchalitchi chokolopa kale. Pemphero la korona ankaliyamba koma osalimaliza. Mtima unali utadzaza ukali, ndipo pambuyo pake sankabisa kuti ankafuna mnyamatayo akaolere m'ndende. Lachinayi anauza mwana wawo, amene panthawiyo anali dalaivala wa lole.

"Amayi, ingonenani kuti chiswe chinadya," anatero mwanayo. "Angatsutse ndani?"

"Chiswe ndingachinamizire, mwanawe. Nanga dzanja langali?"

"Ndiye kuti bambo anga anafera chabe? Mukapita nalo bukulo, musadzanditchulenso mwana wanu."

Lachisanu m'mawa anapempha chilolezo kwa Bambo Mfumu, anakulunga bukulo m'nsalu, ulendo wa kukhoti. Pakhomo pa khotipo anabwerera kawiri. Kachitatu analowa, n'kuliika patebulo la woweruza osayang'ana mnyamatayo ngakhale pang'ono. Loya uja atamva kuti mayiwa ndi ndani, anangogwira pakamwa.

Mlandu unasamukira kukhoti la ana, kachipinda kakang'ono, woweruza wopanda mkanjo, anthu ongodzaonerera osaloledwa. Wogwira ntchito yoona za ana anawerenga mbiri ya mnyamatayo: makolo analibe, sukulu anasiya, mfuti anapatsidwa ndi bambo wina amene sanagwidwe. Anamutumiza kusukulu yosinthira khalidwe kwa zaka zisanu. Achibale a malemu anati Amayi a Makiyi agulitsa magazi a mwamuna wawo. Mwana wawo anasamuka pakhomo, ndipo akakumana nawo pamsewu ankawolokera tsidya lina.

Ena tinkawayamikira kuti ali ndi mtima wokhululuka. Ankatidula mawu. "Musandipake mafuta. Tsiku limenelo sindinakhululuke. Ndinangokana kunama basi. Kukhululuka ndikuphunzira pang'onopang'ono, ndipo mutu wanga ndi wouma."

Kuyambira pamenepo miyendo yawo inapeza ntchito ina. Akangomva kuti mwana wagwidwa ndi mfuti ndipo alibe chikalata, ankayenda m'matchalitchi, m'masukulu ndi m'zipatala kufufuza tsiku lake lobadwa. Nthawi zina mabuku ankasonyeza kuti munthuyo ndi wamkulu kale, ndipo ankanena zomwezo, makolo akulira. Ana opanda wowaperekeza ankakhala nawo pabenchi la kukhoti, ngati kumeneko kunali kukhala, poti ankangodzukadzuka. Ankawakalipiranso. "Iwe, tukula mutu, uyankhe bwino akulu. Mfuti unkaitha, nanga kulankhula?"

Mwana wawo anabwerera pakhomo patatha zaka khumi ndi ziwiri, manja a mayi ake atayamba kunjenjemera ndi ukalamba. Za buku lija sanakambirane. Ankangowaperekeza kuofesi Loweruka lililonse n'kumawatsegulira chitseko.

Loweruka lina chaka chathachi kunalowa bambo wamtali, wowotcherera zitsulo, atanyamula khanda lodzalembetsa ubatizo. Atatchula dzina lake, anamuzindikira kuti ndi mnyamata wa mfuti uja. Bamboyo anagwada. Amayi a Makiyi anatenga cholembera, koma dzanja linkanjenjemera, buku likungosuntha patebulo. Mwana wawo anayang'ana bambo uja nthawi yaitali, nsagwada zili gwa. Kenako anasendera, n'kugwira bukulo ndi manja onse awiri.

"Lembani, Amayi," anatero. "Ndaligwira."

"Tsiku lobadwa unene bwino, iwe," anauza bambo uja. "Pano sitilemba zongoganizira."

Limeneli ndi dzina lomaliza limene analemba. Anamwalira mwezi wathawu atalandira masakramenti, masana, atakhala pampando wa pakhonde, korona ili m'manja. Mwana wawo akuti atangowaona atakhala phee chonchija, anadziwiratu asanawakhudze n'komwe.

Makiyi aja tsopano ali m'chiuno mwa mwana wawoyo. Mzimu wa mayi athu uuse mumtendere.