Malisiti anga anakulunga nshawa

Ine sinditaya pepala. Lisiti la malata a nyumba yathu ino ya ku Mtendere ndili nalo. La bedi ndili nalo, la wailesi imene inafa kalekale ndinali nalonso. Onse amakhala m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, omangidwa ndi mphira, chaka chilichonse pachokha. Mkazi wanga amati ndikuweta mphemvu. Ine ndimati munthu wopanda lisiti alibe mboni.

Timakhala ndi mdzukulu wathu wamkazi, chifukwa amayi ake amagwira ntchito ku Kitwe. Atafika giredi naini, nsapato zake za kusukulu zinayasama kutsogolo. Anapempha zatsopano, ndipo ananeneratu kuti za salaula sakuzifuna, akufuna za m'sitolo, za m'bokosi. Ndikanatha kumugulira, koma ndinaona kuti mwanayu ankayesa ndalama zimamera m'thumba la jekete langa. Mwamwayi mng'ono wanga anali atatumiza thumba la nshawa, mtedza wakumudzi, kuchokera ku Katete. Ndinamupimira beseni lodzaza.

"Uwu ndi mpamba wako," ndinatero. "Uzikazinga, uzigulitsa pageti ukaweruka. Mpamba sadya. Zapamwamba ndizo za nsapato."

Anayamba bwino. Amakazinga pambaula ndi kamchere, fungo n'kufika mpaka pamsewu wa maminibasi. Koma posakhalitsa anabwera akudandaula kuti timapulasitiki tomangira, timene ankagula pakantemba, tikumudyera phindu. Apo ndinakhala tsonga, n'kumupatsa phunziro limene ndimalinyadira kwambiri.

"Usanagule chinthu, yamba wayang'ana m'nyumba. Wanzeru sagula chimene ali nacho kale."

Anagwedeza mutu mwaulemu. Ndinakondwa kuti mawu anga agwera pa nthaka yabwino.

Loweruka lina ndinapita kukameta. Wometayo, bambo wolongolola amene amadziwa za khomo lililonse, anali atandimeta mbali imodzi pamene anaima n'kuyamba kuseka.

"Ba mudala, kanshi mano aya ni ogula?"

Ndinamufunsa kuti wamva kwa yani. Anatenga kapepala kopindidwa ngati nyanga pashelefu, n'kukhuthulira nshawa zotsala m'dzanja, n'kukatambasula pamaso panga. Kanali ndi madontho a mafuta, koma dzina langa linkaoneka bwinobwino. Linali lisiti la mano anga oikirira.

"Tafunankoni," anatero akundipatsa nshawa, "tione ngati ndalama yanu inasebenza."

Anthu onse pabenchi anagwa nacho chiseko. Wina anati iye anapeza la matiresi. Mayi wina wodutsa anati kwawo kunafika la njinga, ndipo mwamuna wake sanakhulupirire kuti njinga inagulidwapo pa mtengo umenewo. Mbiri ya nyumba yanga inali itamwazika komboni yonse, yothira mchere.

Ndinanyamuka mutu uli wometedwa theka. Pageti ndinapeza mdzukulu wanga ali pakatebulo kake, timapepala tanga titandandalikidwa mwaluso, tonse todzaza nshawa.

"Malonda atha lero," ndinatero. "Chotsa tebulo. Nsapato uziiwale."

Anandiyang'ana kumutu kaye, kenako pansi. "Ambuya, si ndimwe munakamba kuti niyambe nayang'ana mu nyumba? Ninayang'ana. Ninatenga vakale chabe, va vinthu vamene vinafa kudala, kalekale."

"Mano anga anafa?"

Mkazi wanga, amene anali kuchapa pafupi, anaseka mpaka anakhala pansi, thovu lili m'manja. Atapuma anati, "Imwe bambo, mwana wakumverani. Kodi mumulanga chifukwa chomvera? Pitani mukamalize kumeta, mukuopseza makasitomala."

Sindinapite. Ndinalowa m'chipinda, ndinatsegula sutikesi. Mapepala a nyumba ndi a penshoni sanawakhudze, ndipo mphira uliwonse anaubwezera pamalo pake. Mkwiyo unalipobe, koma ndinaona kuti phunziro langa linali lometedwa theka ngati mutu wangawu. Ndinamuitana.

"Chinthu cha m'nyumba chili ndi mwini wake," ndinatero. "Suyamba watenga, uyamba wafunsa. Malonda apitirire, koma mapepala ndizisankha ndine, ndipo uzigula."

Ndinatchula mtengo. Anavala patapata n'kutuluka. Atabwerako anagwada pakhomo mwaulemu wonse.

"Ambuya, mwadulitsa. Pakantemba mapulasitiki ni ochipa kupambana mapepala yanu. Na ba ticha ba pa kona bakuti bazanipasa manyuzi yakale mahala, osalipira."

Mapepala anga, osungidwa bwino zaka zonsezi, kuwalinganiza ndi nyuzi za aphunzitsi zimene makoswe anayendapo. Ndinamuuza kuti pepala la lisiti ndi lolimba, silithimbiriritsa nshawa ndi inki. Anavomera, koma anati kasitomala sadya pepala. Ndinatsitsa mtengo. Anapukusa mutu. Ndinatsitsanso. Mkazi wanga anali pakhomo akuombera m'manja mbali ya mwana. Pomaliza tinagwirizana kuti azindilipira kanyanga kamodzi ka nshawa Loweruka lililonse, zosinjasinja, pa chifukwa chimene komboni yonse inali itachidziwa kale.

Kuyambira pamenepo madzulo ena tinkakhala pakhonde, sutikesi ili pakati pathu. Ndisanapereke pepala ndinkaliwerenga mokweza. Iye ankafunsa chifukwa chimene ndinagulira mbaula yachitsulo cholimba pamene zotchipa zinalipo, ndipo ndinkamulozera mbaula yomweyo ikukazinga nshawa zake. Za wailesi anati ndinaponya ndalama m'ngalande. Tinatsutsana mpaka tiyi anazizira.

Mvula isanayambe, anapita m'tauni ndi ambuya ake aakazi. Anabwerako atakumbatira bokosi. Nsapato zakuda, zonyezimira, zokulirapo pang'ono kuti phazi lipeze pokulira. Mpamba anali atausiya wathunthu, beseni lodzaza ngati tsiku loyamba. Mkazi wanga anati mwanayo anakana kutuluka m'sitolo mpaka atamupatsa lisiti.

Ndinatambasula dzanja kuti ndikalisunge m'sutikesi. Iye analipinda bwinobwino, n'kuliika m'bokosi la nsapato, n'kutseka.

"Ili ni langa, ambuya. Nizasunga neka pansi pa bedi yanga. Mukalifuna, mubwere tikambisane mtengo."