Adzukako Pang'ono

Ndinachoka kwathu ku Namacula, mumzinda wa Lichinga, nkhungu isanabalalike, kuzizira kwa mwezi wa Juni kukulowa m'mafupa. Amuna anga, aJaime, ndinali nditawasambitsa kale ndi kuwamwetsa phala. Chifereni ziwalo za kumanja sayankhula, amangonditsata ndi maso. Ndinawasiya ndi alamu anga, mchemwali wawo, amene anavomera monyinyirika. "Dzuwa lisakulowereni kumeneko, alamu," anatero.

Ndikuphunzira mestrado, digiri yachiwiri, ya sikolojiya ya zaumoyo, maphunziro a mmene maganizo ndi matenda zimakokerana. Kalasi yanga ndi foni, ndipo anzanga ndimangowadziwa mayina. Kafukufuku wanga ndi wa odwazika matenda. Aphunzitsi anga anali atanena mosapsatira kuti mwezi ukatha ndisanajambule mawu a wodwazika wakumudzi ngakhale mmodzi, ndibwereza chaka. Mphamvu zobwereza ndinalibe. Ndikanangosiya basi.

Mu chapa, minibasi ya ku Lione, kobradori wotolera ndalama anatipanikiza ngati mbatata m'thumba. Atalandira mametikali anga, anayang'ana buku limene ndinafumbata.

"Buku lonseli, mayi, ndinu adokotala?"

"Ndikuphunzira za maganizo a odwala."

"Eee, a amisala! Yambani ndi motorista wathuyu, woyendetsa chapayu."

Chapa yonse inafa nacho chiseko. Ine ndinaseka mochedwa, anthu atasiya kale. Zoseka ndinali nditaziiwala.

Mitengo ya paini ya Lichinga inatsala m'mbuyo, kukubwera minda ya nyemba ndi fumbi lofiira lija losamva sopo. Pamene tinaima kutsitsa matumba, ndinagula chimanga chootcha. Ndinachidya mothamanga, khutu lili tcheru kumvetsera chifuwa cha munthu amene ndinamusiya kutali. Oyandikana nane ankacheza m'Chiyao, ine ndinangoyang'ana pawindo.

Dzuwa lili paliwombo ndinatsika, n'kukwera mota, njinga yamoto, mpaka kwa mayi Abiba, amene mnzanga wina yemwe ndi namwino anandilozera. Chinyanja chawo n'cha ku Malawi, kumene anathawira nthawi ya nkhondo. Amuna awo ali gone pamphasa kuyambira kalekale. Tinakhala pakhonde, ndinapempha chilolezo, ndinayatsa foni kuti ijambule.

"Mayi, muli bwanji masiku ano?"

"Adzukako pang'ono."

"Ayi, ndikunena inuyo."

"Dzulo anadyako phala."

"Nanga tulo mumaliona?"

"Akapanda kutsokomola amagona ndithu."

Ndinazungulira uku ndi uku, njira zonse za m'buku zija, koma funso lililonse linkalowa m'nyumba kukagwera pamphasa. Kunena zoona ndinapsa mtima. Fumbi lonse lija, kuchonderera alamu konse kuja, kudzangomva za phala? Ndinazimitsa foni. Mumtima ndinati, sukulu yathera pano.

Mayi Abiba analowa kukatembenuza odwala awo, n'kubwera ndi mbale ya mbatata yophika. Pondithirira madzi osamba m'manja, anayang'anitsitsa zala zanga zong'aluka ndi kuchapa.

"Nanga inu, mwanangu, muli bwanji?"

"Adzukako pang'ono," ndinayankha.

Mawu anatuluka okha. Za amuna anga ndinali ndisanawauze n'komwe. Mayi aja anaika jagi pansi.

"Ndafunsa za inu."

Kalanga ine! Misozi inangoti mbwee, pakhonde la eni, ine amene ndinabwera ndi buku. "Ndatopa, mayi," ndinatero. "Ndimawakonda, koma ndatopa, ndipo ndilibe womuuza."

Sananditonthoze. Anasenda mbatata n'kundipatsa. "Ozonda akabwera amatidutsa pakhomo ngati mtondo," anatero. "Amafunsa kuti matenda ali bwanji, ife n'kuzolowera kuyankha zomwezo. Poyamba paja ndimayesa ndinu a ofesi. Yatsani kanthu kanuko, tsopano ticheze."

Anayankhula mpaka dzuwa litayamba kupendeka: za msana wawo, za maukwati amene sapitako, za tsiku limene anakakhala kumunda osalima, kungofuna kukhala okha. Ine sindinafunsenso zambiri. Aphunzitsi anga amati munthu amafunika kumufunsa bwino, koma sanandiuze kuti ena amayamba aona kaye manja ako.

Chapa yobwerera inali ndi malo, ndipo foni ndinaifumbata njira yonse ngati dzira. Ndinafika ku Namacula dzuwa likulowa. Alamu anali atakhala pakhomo, nsalu yonyowa, maso ofiira, nsapato zili kale kuphazi.

"Alamu, mwaswera bwanji?"

"Adyako pang'ono," anatero.

Tsiku limodzi lokha! Ndinawagwira dzanja asanaimirire.

"Ndafunsa za inu."