Kaseti ya m'sutikesi ya bambo

Masiku amenewo ndinkaphunzitsa kufupi ndi Nguludi, ndipo ndinali ndi matama osati masewera. Mphunzitsi mnzanga anali ndi mbale za magulu oimba a kunja, zija nyimbo imodzi imadzaza mbali yonse: imayamba pang'onopang'ono ndi oligani, gitala n'kulusa, kenako zonse n'kuzizira. Ndinati nanenso ndipeka yotero, anthu a ku Chiradzulu aone.

Yanga inali ya zigawo zinayi, yonena za malemu bambo anga: kutsanzika pamudzi, ulendo wa ku Joni, mdima wa mumgodi, ndi sutikesi yawo imene inabwera yokha. Tinaiyeseza miyezi itatu, ine pa gitala, mnzangayo pa oligani, wachitatu pa ng'oma. Inatalika mpaka kutsala pang'ono kukwana ola.

Loweruka lojambula, batire ya galimoto titaikokera m'kalasi, wailesi yojambulira titabwereka ya tsiku limodzi, tinapeza kuti kaseti tilibe. Ndinapalasa njinga kupita kwathu, amayi ali kumunda. M'sutikesi muja munali kaseti imene bambo anatumiza asanamwalire, mawu awo mbali zonse ziwiri, akufunsa za mbuzi, za nandolo, za denga lodontha, Chinyanja chosakaniza ndi Chilomwe. Amayi ankaimvera mwa apo ndi apo, akapeza wowabwereka wailesi.

Sindinganame kuti ndinasokoneza makaseti. Ndinkadziwa. Timabowo toletsa kufufuta ndinatitseka ndekha ndi timapepala. Mumtima ndinkati, nkhani za mbuzi n'chiyani pamaso pa nyimbo yowalemekeza?

Tinajambula kamodzi kokha, akhwangwala akuponda malata pa chigawo cha mumgodi. Madzulo dzuwa lisanalowe ndinatengera wailesi ija kwa amayi, ndikuyenda ngati ndapha mkango. Anali pakhonde akusola nandolo. Ataona kasetiyo anaizindikira, nasiya lichero.

"Abambo ako amenewo?"

"Mverani kaye, amayi."

Anamvera ndithu, mbali yoyamba yonse, ndinatembenuza, yachiwirinso. Ndinkaganiza kuti nyimbo yawagwira mtima, osadziwa kuti akungodikira. Ng'oma yomaliza italira, panamveka kuti khethe, kenako chifuwa cha bambo, ndi mawu ochepa amene nyimbo yanga sinafikepo: "Mwanayo musamuvutitse. Ameneyo ndi amene adzakusungeni."

Kaseti inatha. Manyazi amene anandigwira pamenepo sanandichokebe mpaka lero, ndi imvi zangazi. Ndinkafuna andikalipire, kaya andiponyere lichero. Iwo anangopukuta manja pa chitenje.

"Tabweza."

"Nyimbo yonse?"

"Iyayi. Pamene wandisiyirapo."

Ndinabweza kasanu, mpaka mwini wailesi anabwera kudzaitenga.