Anadya Mitanda Iwiri kwa Asewere

Mundikhululukire, aka n'koyamba kulemba, ndipo ndikuopa kulakwira munthu wamkulu. Koma nkhani ya aneba angawa yandisowetsa mtendere.

Bambowa ndi mphunzitsi wopuma ntchito wa kufupi ndi Malomo. Atawapeza ndi matenda a shuga, kuchipatala anawauza kuti achepetse nsima, koma iwo anasiyiratu, pamodzi ndi mbatata ndi thobwa. Amadya mazira, mtedza ndi masamba. Shuga watsikadi, koma nkhuku za pakhomo zikutha imodziimodzi. Sakhazikika, amangozungulira nkhokwe yodzaza, manja kumbuyo, akudandaula kuti, "Mdani wangayu ndinalima ndekha."

Mwezi watha ndinawaperekeza ku Madisi, kumene mwana wawo wamkazi ali pa chitengwa. Chakudya chitabwera, anasamba m'manja n'kumangodya ndiwo zokha.

Asewere awo aakazi anaima pakhomo. "Kodi asewere, mukuganiza kuti tathiramo chiyani?"

"Iyayi amayi, ndi adokotala."

"Adokotalawo anena kuti nsima ya kuno yokha?"

Mwana wawo uja, atagwada ndi beseni, anangozyolika. Bambowa anamuyang'ana, kenako ananyema nsima n'kumaliza mitanda iwiri. Pobwerera, mu minibasi, anapukuta thukuta n'kunena kuti, "Shuga ali ndi mapiritsi, mwanawe. Banja la mwana wanga lilibe."

Ulendo wina ndidzatsogola ineyo. Ndikafikira kukhitchini, ndikawafotokozere amayiwo bwinobwino asanatereke mphika.