Uthenga Umene Ndinagona Nawo ku Biriwiri

Ine mawu ndinabadwa nawo. Sukulu ndinalekera pamene anzanga ankayamba kumene kulumikiza zilembo, moti cholemberachi ndikuchigwira ngati mpini wa khasu. Koma pakufuula panalibe wondiposa kuyambira ku Nsipe mpaka kumalire. Ndikaima pachulu kuitana ng'ombe zathu, za eni ake zinkatembenuka nazo. Ku migodi ku Joni akapitawo ankati ine ndikakhalapo belu ndi losafunika. Funsani amene atsala, akuuzani.

Nkhondo yachiwiri itatha, boma linatumiza galimoto ya kanema kwathu kuno ku Ntcheu. Inali imodzi yokha. Inkanyamula chinsalu choyera, injini yaphokoso ndi kalaliki wina wowonda wa ku Zomba amene ankayendetsa makinawo. Petulo, matayala, malipiro a kalaliki, zonse zinkachokera ku boma, kutanthauza kuti ku msonkho wathu womwewu. Poyamba ankakhoma mapepala m'mitengo olengeza tsiku la kanema. Ndani akanawerenga? Madala ankangowamatula n'kupichira fodya. Ndiye anafuna munthu wa pakamwa. Anandipatsa njinga, malaya a kaki ndi chilipenga chachitsulo chokuzira mawu. Chilipengacho ndinabweza. Ndinati kapatseni odwala chifuwa.

Ntchito yanga inali kutsogola masana, kuzungulira midzi ndikuitana, kuti galimoto ikamafika dzuwa litapendeka ipeze bwalo ladzaza. Ankayamba ndi kanema wa migula kapena wa dibi la ng'ombe, n'kumalizira woseketsa, wa munthu wothamangitsidwa ndi mbuzi. Anthu ankapirira migula chifukwa cha mbuziyo.

Chaka china m'chilimwe kalaliki uja anandiitanira kuseri kwa galimoto.

"Achimwene, zinthu sizili bwino. Akuluakulu akuti kuno anthu sabwera ambiri, ndalama zikungopita pachabe. Loweruka mzungu abwera yekha ku Biriwiri kudzaona. Bwalo likakhala la mipata, galimoto aipititsa boma lina."

"Nanga ine?"

"Inu mubweza njinga, mukalime kachewere."

Ndinaseka mokweza, ndinati aphike tiyi wa mzunguyo, anthu ndibweretsa ine.

Loweruka lomwelo m'mamawa apongozi anga aakazi anatisiya, kumudzi kwawo kufupi ndi Nsipe. Mwana wawo woyamba, mkulu wake wa mkazi wanga, anakwatiwa ku Biriwiri komweko, m'banja lalikulu lokhala ndi abale midzi itatu. Amalume a mkazi wanga anandikhazika pansi.

"Mkamwini, njinga muli nayo ndinu, ndipo ulendo ndi womwewo. Kauzeni alamu anu anyamuke lero. Kukutentha uku sitingasunge thupi. Mawa dzuwa likafika pamutu tikuika."

Ndinavomera ndi manja awiri.

Tsono mwambo wake aliyense ankaudziwa. Wonyamula uthenga wa maliro sapatuka panjira, sachezera, ndipo salawa kanthu pakhomopo asanatule zimene wasenza. Ndinkaudziwa bwino lomwe. Koma pokwera zitunda zija, njinga ndikukankha, mutu unayamba kuwerenga. Ndikanena tsopano, midzi itatu yonse inyamuka kuperekeza mpongozi wawo. Otsala sangapite kukaseka pabwalo mnzawo ali pachisoni. Mzungu apeza chinsalu, agalu ndi ine. Ndinadziuza kuti ndinena kanema akangotha, mwezi ulipo, ayenda usiku n'kufika bwinobwino.

Ndinaitana tsiku limenelo kuposa masiku onse. "Kanemaaa! Waulere, mwalipira kale ndi msonkho wanu! Wotsala m'nyumba ndi mfiti!" Amayi anasiya mitondo, anthu a tsidya la malire nawonso anawoloka.

Mlamu wanga anandimva ali kudimba. Anabwera akuthamanga, manja ali matope.

"Alamu! Mpaka kudutsa pakhomo panga ngati mlendo? Kumudzi ali bwanji amayi? Mwendo uja?"

"Mwendo wasiya kuwavuta," ndinatero.

Mawu amenewo anatuluka okha. Mpaka lero ndimawamva.

Anandigwirira nkhuku, yaikazi yoikira mazira, n'kuphika ndi kachewere wa m'dimba mwake. Anagwada n'kundithirira madzi m'manja. Ndinayang'ana mbale ija nthawi yaitali.

"Idyani alamu, kapena a boma anakuletsani nkhuku za kumudzi?"

Ndinadya.

Bwalo linadzaza mpaka ena anakwera m'mitengo. Mzungu anagwedeza mutu, kalaliki anandifinya dzanja. Itafika mbuzi ija, ndinamva kuseka kwa mlamu wanga pakati pa anthu onsewo, chifukwa ankaseka ngati mayi ake, mokoka mpweya. Kanema atatha anabwera akupukuta misozi ya chimwemwe, nati ndikawafotokozere amayi za mbuziyo. Pamenepo ndiye panali ponenera. Ine mwini mawu, ndikananena bwanji, mafuta a nkhuku yake ali m'zala? Ndinati ndatopa, ndinakagona m'galimoto.

Ndinanena kutacha, nditaima patali, chipewa chili m'manja. Sanalire msanga. Anandifunsa kaye kuti, "Mwamva liti?" Bodza lachiwiri linandikanika. Ndinati dzulo m'mawa.

Ndinapempha kalaliki kuti galimoto iwaperekeze. Anati petulo wa boma ndi wa kanema, ndipo akuyembekezeka ku Kasinje. Ndinati mlamu akwere panjinga panga. Anakana osandiyang'ana. Anayenda pansi ndi anthu a kwa mwamuna wake, ine ndikukankha njinga kumbuyo kwawo ngati galu wakuba. Tinafika dzuwa litapendeka, adzukulu akutsuka makasu. Mlamu anapita yekha kumanda n'kukagona pa dothi lofiiralo chafufumimba. Nkhope ya mayi ake sanaione.

Ndinkayembekeza mlandu, mbuzi kapena ng'ombe, ndikanalipira mosangalala. Sanandizenge. Tsiku lometa, anthu atakhala phee, mlamu anangotembenuka nati, "Alamu, nkhuku ija inakoma?" Basi. Amalume anaweramitsa mutu. Mkazi wanga anatha mwezi osanditchula.

Galimoto sinachoke. Inakhala zaka zina zingapo, ine ndikuitanabe, anthu akubwerabe. Ena amati ndinaipulumutsa ndine, ndipo n'zoona, ana ambiri a kumapiri kuja anaona kanema chifukwa cha kukhosi kwangaku. Koma ndikafika pamudzi ndi njinga, amayi achikulire ankayamba afunsa, "Mwatitengera kanema yekha, kapena pali china mwasungira mawa?" Sankaseka pofunsapo.

Kuchokera tsiku limenelo palibe anandipatsanso uthenga wa maliro, ngakhale wa khanda. Mkazi wanga atamwalira, patapita zaka zambiri, ndinaimirira kuti ndipite ndekha ku Biriwiri ndikanene. Abale ake anandigwira paphewa nati khalani pansi, bambo. Anatuma munthu wina wachibwibwi, woyenda pansi. Mlamu anafika nthawi yabwino, nasambitsa mng'ono wake ndi manja ake. Madzulo ake ankagawira anthu chakudya pakhomo panga. Atafika pamene ndinakhala ine anaima pang'ono, napatsa mbaleyo mayi wina kuti andiikire.